Venice saiona wothamanga

Bambo amene ndikufuna ndikuuzeni nkhani yake si munthu wosalongosoka ayi. Ndi mmodzi mwa anzathu ogwira ntchito ku Britain, wodziwa kuwerengera ndalama, woti asanagule nsapato amayamba wafunsa mtengo m'masitolo angapo. Apongozi ake atabwera kuchokera kumudzi kudzaona adzukulu mu 2025, iye anaganiza zowachitira chinthu choti akakasimbe akabwerera: kupita nawo ku Italy kuti akaone Venice, mzinda wa pamadzi uja timauona pa makalendala. Anali anthu asanu: iyeyo, mkazi wake, agogowo, mnyamata wa zaka 15 ndi kamtsikana ka zaka zinayi koyenda nako pa chikuku.

Za viza ya agogo anayendetsa ndi mayi wa anawo, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene chinakonzedwa nthawi ikadalipo. Viza ya ku Britain silowetsa munthu ku Italy. Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen, ya mayuro 90, ndipo amaifunsira asanachoke kudziko kumene amakhala. Zina zonse anakonza ndi bambo, usiku umodzi, pa foni. Anapeza ndege yotsika mtengo yotera ku Treviso, tauni ya kumtunda, ndipo ataona mitengo ya mahotela a mu Venice mwenimweni anangopukusa mutu n'kusungitsa chipinda ku Treviso komweko. Venice anaipatsa tsiku limodzi, Loweruka la mu Julayi: kukwera sitima m'mawa, kuona mlatho wa Rialto, bwalo la San Marco ndi tchalitchi chake, kukwera gondola, bwato lopalasa la kumeneko, kuwolokera ku chilumba cha Murano kumene amaumba magalasi, n'kubwerera kusanade. Papepala zinakwana bwinobwino.

Atangotuluka pa siteshoni ya Santa Lucia anakumana ndi anthu ovala mabibu akufunsa khodi ya QR. Bambo anaganiza kuti ndi ogulitsa zinthu ndipo anafuna kuwalambalala. Sanali ogulitsa. Kuyambira pa 25 Epulo 2024, boma la mzindawu limalipiritsa aliyense wobwera kudzangoswera pa masiku ena odzadza anthu, pakati pa 8:30 m'mawa ndi 4 koloko masana. Chaka choyambacho anali masiku 29 pa mtengo wa mayuro 5. Mu 2025 masikuwo anakwera kufika 54, ndipo wolipira mochedwa, patatsala masiku osakwana anayi, ankapereka mayuro 10. Ana osafika zaka 14 salipira, choncho kamtsikana kanapulumuka, koma anayi enawo anasiya mayuro 40 asanaone n'komwe ngalande yoyamba bwinobwino. Wopezeka mkati wopanda khodiyo chindapusa chake chimayambira pa mayuro 50 mpaka 300.

Chowawa n'chakuti ogona m'dera la mzindawu salipira ndalama imeneyi, bola alembetse pa intaneti. Ndipo dera la mzinda silithera pa zilumba zokha. Mestre, tauni ya kumtunda yomwe ili kutsidya kwa mlatho wautali wa sitima, ndi mbali ya Venice, ndipo kumeneko zipinda n'zotsikirako mtengo. Bambo anadumpha Mestre n'kukagona kutali, kumene kuchotserako sikufika.

Anthu ambiri amakwiya ndi msonkho umenewu, ndipo si alendo okha. Tsiku loyamba lenilenilo eni mzinda ena anachita zionetsero ku Piazzale Roma, akunena kuti kwawo si malo a zisangalalo oti azilowa ndi tikiti. Ine ndimaona kuti mayuro asanu sangabweze munthu amene wauluka kuchokera kutali. Koma vuto limene boma la mzindawu likulimbana nalo ndi lenileni. Mu 1951 pakati pa mzinda wakalewu pankakhala anthu pafupifupi 175,000. Mu 2022 chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa 50,000, pomwe odzaona malo amafika mamiliyoni ambirimbiri pa chaka, ochuluka a iwo ongoswera. Wongoswera amadzaza tinjira, amasiya zinyalala, sagona, ndipo amagula zochepa. Malamulo ndi mitengo ya mzindawu zimamuwawa kwambiri iyeyo, ndipo bambo wathu anadziika yekha m'gulu limenelo.

Anakana kukwera boti. Pa mapu a pa foni, kuchoka pa siteshoni kufika ku San Marco ndi mtunda wa theka la ola, ndiye kulipiriranji? Mapuwo sananame, koma sanatchule masitepe. Venice inamangidwa pa tizilumba 118 m'thamanda la madzi amchere, nyumba zake zitakhazikika pa mitengo yokhomeredwa m'matope, ndipo tizilumbato timalumikizidwa ndi milatho yoposa 400. Milathoyi inapindika m'mwamba kuti maboti azidutsa kunsi, motero pafupifupi uliwonse uli ndi masitepe okwera ndi otsika. Galimoto zimathera pa Piazzale Roma. Kupyola pamenepo ambulansi ndi boti, wotola zinyalala ndi boti, ozimitsa moto ndi boti, ngakhale maliro amayenda pa boti. Katundu yense wa m'masitolo amatsitsidwa m'boti n'kukokedwa pa ngolo zamanja kukwera masitepe omwewo, ndipo ndicho chifukwa china chimene botolo la madzi limakwerera mtengo.

Ndiye taganizani: mlatho uliwonse bambo kutsogolo, mnyamata kumbuyo, kunyamula chikuku mwana ali momwemo. Agogo, amene mawondo awo anayamba kale kuvuta, kugwira chitsulo cha m'mbali n'kumakwera sitepe imodziimodzi, khamu la anthu likuwapanikiza kumbuyo. Dzuwa la Julayi kumeneko limawotcha ndi chinyontho chomata thupi. Foni nayo inayamba kusokera, chifukwa tinjira take n'topapatiza pakati pa nyumba zazitali, kadontho kabuluu kaja n'kumalumpha uku ndi uku. Kanjira kena, Calle Varisco, n'kotambalala masentimita 53 okha. Kufunsa nambala ya nyumba nakonso sikuthandiza mlendo, poti manambala sayenda ndi msewu koma ndi chigawo cha mzinda, ndipo m'chigawo cha Castello amapitirira 6,000. Chimene chimathandiza ndi zikwangwani zachikasu zokhomedwa m'makona a nyumba, zolembedwa Per Rialto kapena Per S. Marco. Mnyamata ndi amene anaziona. Bambo ake anali maso pa foni.

"Adadi, muviwo ukuloza uku."

"Dikira kaye iwe, foni ikuti tikhotere kumanja."

Kumanjako kanjira kanathera pa madzi.

Anafika pa Rialto dzuwa lili pamutu. Mlatho wa miyalawo unamalizidwa mu 1591 ndipo ndi wokongola zedi, koma agogo anaona misana ya anthu basi. Anapempha kuti apumuleko. Mayi anayala chitenje pa masitepe a m'mbali mwa ngalande, n'kutulutsa kamba amene anakonza m'mawa: buledi, mazira owiritsa, nkhuku yokazinga, tiyi wa mu fulasiki. Kwa ife palibe chachilendo pamenepa. Wapaulendo akatopa amakhala pansi n'kudya. Ku Venice ndi mlandu. Kukhala pansi, pa masitepe a mlatho, pa chipilala kapena m'mphepete mwa ngalande n'kumadya kuli ndi chindapusa cha mayuro 100 mpaka 200. Mu Julayi 2019 alendo awiri ochokera ku Germany anayatsa kachitofu n'kuphika khofi pa masitepe a Rialto pomwepo. Analipiritsidwa mayuro 950 ndipo anauzidwa kuti atuluke mumzinda. Kamtsikana kanayambanso kuponyera nkhunda nyenyeswa, chimene chinaletsedwa mumzinda wonse kuyambira 2008 chifukwa zitosi zake zimadya miyala ya nyumba zakale.

Banjali linachita mwayi. Amene anawapeza anali wantchito wochenjeza alendo, osati wapolisi, ndipo anangowauza mwaulemu kuti anyamuke. Bambo anafuna kutsutsa, akuloza agogo. Mayi anawagwira mkono.

"Bambo, tiyeni tizipita. Kuno si kwathu."

Apa m'pamene zinthu zinapotokera. Njala ili m'mimba, kamba wabwerera m'chikwama, agogo akufunika mpando, mwana akufuna kuchimbudzi, ndipo zimbudzi za boma n'zolipira komanso sizipezeka paliponse. Munthu wotere sasankha. Amalowa pakhomo loyamba limene wina wamuitanira. Pa lesitilanti ina pafupi pomwepo panaima mwamuna womwetulira, atanyamula menyu ya zithunzi m'zinenero zingapo. Bambo anaona nsomba yolembedwa 9 ndipo mtima unakhala pansi. Anati pofuna kupepesa apongozi, omwe anakulira kunyanja, awagulire nsomba yathunthu.

Woperekera zakudya atabwera nayo yaiwisi pa mbale kuti aione, agogo anaiyang'ana n'kutembenukira kwa mwana wawo, poti mkamwini sauzidwa zotere pamaso.

"Mwanawe, uwauze bambo afunse kaye. Nsomba yonseyi pa mtengo umenewo?"

Bambo anamva, koma anachita manyazi kufunsa mtengo pamaso pa apongozi. Anangogwedeza mutu kuvomera.

Pafupi ndi 9 uja panali timalemba tating'ono takuti all'etto. Ku Italy nsomba yathunthu imagulitsidwa kawirikawiri ndi kulemera kwake, ndipo etto ndi magalamu 100. Nsomba ya kilogalamu imodzi ndi magalamu 200 ndiye kuti mayuro 108. Pamwamba pake panabwera coperto, ndalama yolipira munthu aliyense chifukwa chongokhala pa tebulo loyalidwa, ndi servizio, gawo lowonjezera pa bilu yonse. Madzi a m'botolo, mbale ziwiri za pasita ndi ayisikilimu wa mwana zinakankhira bilu kupyola mayuro 200. Palibe chimene bambo akanadandaula nacho, chifukwa zonse zinalembedwa pa menyu. Agogo anangoti chapansipansi, maso ali pa mbale, "Safunsa anadya phula."

Izi sizichitikira ife tokha. Mu Januwale 2018 kunamveka kuti ophunzira anayi a ku Japan anapatsidwa bilu ya mayuro oposa 1,100 pa lesitilanti ina ya kufupi ndi San Marco chifukwa cha nyama, mbale ya nsomba ndi madzi, ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse. Chinawathandiza n'chakuti anakadandaula ku polisi, eni malowo n'kulangidwa. Ku Italy wogulitsa ayenera kupereka lisiti, ndipo apolisi a zachuma, Guardia di Finanza, amayimbidwa pa 117. Koma kunena zoona, malo ambiri odyera mu Venice saba. Amangodula, makamaka m'njira ya pakati pa siteshoni, Rialto ndi San Marco. Kungopatuka pang'ono kulowera ku Cannaregio kapena ku Dorsoduro kuli timabala totchedwa bacari, momwe eni mzinda amadya tizakudya ting'onoting'ono, cicchetti, pa mayuro owerengeka. Khofi womwera choimirira pa kauntala ndi wotsika mtengo kuposa yemweyo womwera pa mpando. Ndipo madzi a m'mipopi ya m'mabwalo ndi abwino kumwa, aulere. Banjali linadutsa mipopi ingapo likugula madzi a m'mabotolo.

Pa tchalitchi cha San Marco anapeza mzere wautali pa dzuwa. Atafika pakhomo anabwezedwa. Chija ndi tchalitchi chopemphereramo mpaka lero: mapewa ndi mawondo ziyenera kuphimbidwa, ndipo zikwama zikuluzikulu sizilowa. Mayi anali ndi bulauzi yopanda manja, mnyamata kabudula wamfupi. Agogo anapisa m'kachikwama kawo n'kutulutsa zitenje ziwiri. Mayi anafunda chimodzi m'mapewa. Mnyamata anayang'ana chinacho, anayang'ana atsikana amene anali pa mzere, n'kunena kuti bola atsale. Anatsala panja ndi bambo ake, chikwama cha kamba ndi chikuku.

Motero amene anakonza ulendo sanaone chinthu chachikulu cha ulendowo. Analowa ndi agogo, mwana wawo ndi kamdzukulu. Mkatimo denga ndi makoma zinakutidwa ndi timiyala ndi timagalasi tagolide toposa masikweyamita 8,000, tojambula nkhani za m'Baibulo kuyambira pa kulengedwa kwa dziko. Agogo, omwe ndi a bungwe la amayi kutchalitchi kwawo, anazizindikira nkhanizo popanda womasulira: uyu ndi Nowa, uyu ndi Yosefe. Mwana wawo anawawerengera kuti pansi pa guwa pali mafupa amene eni mzinda amati ndi a Marko, mlembi wa Uthenga Wabwino, ndi kuti amalonda awiri a ku Venice anawatenga mobisa ku Alexandria, ku Egypt, m'chaka cha 828, atawakwirira ndi nyama ya nkhumba kuti alonda achisilamu asafufuze. Agogo anaseka n'kunena kuti ndiye kuti Marko nayenso ndi mlendo wochokera ku Africa. Akavalo anayi amkuwa a pamwamba pa khomo nawonso ndi zolanda: anachokera ku Constantinople mu 1204, Napoleon anawatengera ku Paris atathetsa ulamuliro wa Venice mu 1797, n'kubwezedwa mu 1815. Amene ali panja lero ndi ofanizira, enieniwo ali mkati. Akanakhala ndi nthawi, agogo akanakhala mmenemo mpaka madzulo. Foni ya mayi inalira. Bambo ankafunsa kuti atuluka liti, gondola ikudikira.

Gondola sanakwere. Mtengo wake woikidwa ndi mzinda ndi mayuro 90 pa mphindi 30 masana, usiku 110, ndipo pambuyo pa nsomba ija bambo analibenso mtima. Sanadziwe kuti pa malo angapo a Canal Grande, ngalande yaikulu ya mzindawu, pali traghetto, gondola yaikulu yongowolotsa anthu kutsidya, ya mayuro 2 pa mlendo. Ulendo wake ndi wa mphindi zochepa, koma mwana akanakhutira ndipo chithunzi chikanajambulidwa. Za Murano, kumene ng'anjo za magalasi zinasamutsidwira mu 1291 poopa moto mumzinda, palibe anazitchulanso.

Miyendo ya agogo inali itatupa, ndipo zobwerera wapansi sizikanatheka. Anakakwera vaporetto, boti limene lili minibasi ya mzindawu. Tikiti ndi mayuro 9.50 pa munthu kwa mphindi 75, ana osafika zaka 6 salipira, ndipo tikitiyo iyenera kugunditsidwa pa makina munthu asanakwere. Anapereka mayuro 38. Ya tsiku lonse ndi mayuro 25. Akanaigula m'mawa, agogo akanakhala pa mpando mu boti la nambala 1 n'kudutsa Canal Grande yonse, makilomita pafupifupi anayi a nyumba zachifumu mbali zonse ziwiri, chikuku chitangokankhidwira mkati popanda sitepe. Chimene bambo anakana m'mawa kuti n'chodula ndicho chinali njira yabwino koposa yoonera mzindawo.

Madzulowo pokwerera panali podzadza. Bambo ananyamula chikuku ndi manja onse awiri, chikwama kumsana, anthu akukankhana polowa. Kachikwama ka ndalama kanali m'thumba lakumbuyo la buluku, momwe anakabwezera atangogula matikiti anthu onse akuona. Anazindikira boti litadutsa kale pansi pa Rialto. Munali makadi a banki, laisensi ya galimoto, ndalama zotsala ndi matikiti a sitima yobwerera. Opisa m'matumba ku Venice ndi odziwika moti pali gulu la eni mzinda lodzipereka kumawasaka, ndipo mmodzi wa iwo, mayi Monica Poli, anatchuka pa intaneti mu 2023 chifukwa cha kukuwa kwake kochenjeza alendo. Malo awo ndi omwewo: siteshoni, pokwerera maboti, milatho yodzadza. Amasankha munthu wotopa amene manja ake ali ndi katundu.

Mapasipoti anapulumuka chifukwa anali ndi mayi, m'kathumba ka mkati mwa zovala. Maola otsatira anathera pa foni kutseketsa makadi, ndi ku polisi kulembetsa denuncia, chikalata chimene a inshuwalansi amafuna asanabweze kalikonse. Agogo anadikira pa benchi, kamdzukulu katagona pamiyendo. Sitima imene anakwera inali ya usiku, ndi matikiti atsopano ogulidwa ndi khadi la mayi. M'sitimamo palibe analankhula mpaka mnyamata anafunsa ngati nkhuku ija ikadalipo. Anaidya onse, yozizira.

Ndikawerengera zimene zinatayika tsikulo, msonkho wowirikiza, nsomba, matikiti awiriawiri ndi ndalama zobedwa, zikanalipira chipinda ku Mestre ndi kutsala. Ndi masiku awiri, banjali likanalowa mumzinda m'mawa kwambiri anthu asanachuluke, kupumula masana, n'kubwereranso madzulo ongoswera atapita, nthawi imene bwalo la San Marco limapezeka ndi malo oimapo. Ndipo mndandanda wa zoona ukanafupikitsidwa. Kwa nkhalamba ndi mwana wa pa chikuku, tchalitchi chimodzi ndi ulendo umodzi wa pa boti n'zokwanira tsiku lathunthu. Bambo anayeza ulendowo ndi miyendo yake ndi ya mnyamata wake, pomwe mwini ulendo anali agogo.

Wina anganene kuti ndiye bola kupita nyengo yozizira, anthu atachepa. N'zoona kuti amachepa, koma kuyambira Okutobala mpaka Januwale ndi nyengo ya acqua alta, pamene mphepo ndi mafunde zimakankhira nyanja mumzinda, ndipo bwalo la San Marco, pokhala malo otsika kwambiri, ndilo limayamba kumira. Pa 4 Novembala 1966 madzi anafika masentimita 194, ndipo pa 12 Novembala 2019 anafika 187. Zitseko zikuluzikulu zotchinga nyanja, zotchedwa MOSE, zinatchinga chigumula koyamba pa 3 Okutobala 2020 ndipo zachepetsa vutoli kwambiri, koma sizikwezedwa pa madzi apang'ono, moti wopita nyengo imeneyo asasiye nsapato zolimba madzi.

Inu amene mukuganiza zotengera makolo kapena ana ku Venice, dziwani kuti masiku olipira ndi mitengo ya maboti zimasintha chaka ndi chaka. Muyang'ane pa tsamba la boma la mzindawo, cda.ve.it, musanagule tikiti ya ndege, mugone m'dera la mzinda, ndipo woperekera zakudya akabwera ndi nsomba, mufunseni aiyeze ndi kukuuzani mtengo wonse isanapite pamoto, ngakhale apongozi ali pomwepo.